Tikapu ta ku China tandichititsa manyazi pamaso pa amayi a Mvano

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 54, ndimakhala cha ku Makwasa m'boma la Thyolo. Ndinathyola tiyi pa esiteti ina kuno kwa zaka 19 mpaka msana unandiletsa. Pano ndimasamalira timizere tanga ta tiyi kuseri kwa nyumba, masamba ake ndimagulitsa kufakitale kudzera ku kalabu yathu.

Mwana wanga woyamba anapeza mwayi wa sukulu ku China ndipo wabwerako chaka chino. Pobwera anandigulira ziwiya zomwera tiyi zadothi loyera: kabakuli kachivundikiro kokhala ndi kambale kake pansi, kajagi kopanda chogwirira, ndi tikapu 6 tating'ono zedi, toti ukangopsontha katatu tiyi watha. Kunja kwake kuli maluwa abuluu. Anandionetsa kamodzi kagwiritsidwe kake ndi masamba amene anabwera nawo, koma masambawo anatha, iyenso anapita kukayamba ntchito ku Lilongwe.

Mwezi watha kunabwera amayi anzanga a Mvano kudzandizonda. Ndinati ndiwalemekeze ndi ziwiya zatsopanozi. Ndinathira masamba athu a m'paketi m'kabakuli muja, n'kuthiramo madzi owira. Azakhali, ndinapsa zala, tiyi anatayikira pa nsalu ya pathebulo, ndipo amene anafika m'tikapu anali wowawa, nsenga zokhazokha. Mayi wina anakweza kakapu m'mwamba n'kufunsa kuti, “Kodi lero kuli Mgonero?” Onse anafa nacho chiseko. Pano mbiri yamveka kuti chibwerere mwana ku China ndayamba kuumira shuga ndi mkaka.

Bambo a kunyumba akuti nditsekere zonse m'kabati yagalasi, zikhale zoonetsa alendo basi. Mlamu wanga akuti pansi pa tikaputo pali chidindo cha mfumu ya ku China, ndiye tikagulitse ku Blantyre tiphe makwacha. Mwana akaimba foni amafunsa ngati ndikumwera, ine ndimangoti eya. Ndichite chiyani?

Mayi wa ku Makwasa

Mayi anzanga,

Mundikhululukire, nditafika pa funso la Mgonero lija nanenso ndinaseka mpaka misozi. Koma nditawerenganso ndinaona kuti chimene chikukudyani kwambiri mwachiika kumapeto kwenikweni, ka “eya” kamene mumayankha pafoni kaja. Tifikako. Tiyambe ndi zala zopsazo.

Kabakuli kanu kalibe mlandu, tiyi wa m'paketi nayenso alibe mlandu. Munangokwatitsa anthu osayenerana. Ntchito ya tiyi inu mukuidziwa kuposa ine kuyambira pa mtengo mpaka pa sikelo: masamba awiri ndi nsonga, dengu kumsana, mame mpaka m'chiuno, kapitawo ali ndi buku lake la makilo. Koma thirakitala ikanyamula masamba aja, zimene zimachitika kufakitale othyola ambiri amangomva fungo lake podutsa pamsewu. Masamba amayalidwa kuti afote, kenako amalowa pakati pa zitsulo zamano zozungulira moyang'anizana, zimene zimawaphwanya, kuwang'amba ndi kuwapota. Ndiwo makina amene amati CTC. Chotuluka kumeneko ndi timibulu tonga mawere, tina fumbi lenileni, timene timafiira tikakhala pa mpweya kenako n'kuumitsidwa. Tiyi wambiri wa ku Thyolo ndi ku Mulanje amapangidwa chomwechi, chifukwa ogula pa okushoni ya ku Limbe ndi akunja, makamaka a ku Britain ndi ku South Africa, amafuna tiyi wotulutsa mtundu ndi mphamvu msangamsanga, woti alowe m'timatumba toviika m'kapu tija, munthu athire mkaka, amwe, azipita kuntchito. Tiyi wotere amakhuthula zonse zimene ali nazo kamodzi n'kamodzi. Mukamuchulutsa m'madzi ochepa ngati a m'kabakuli, amatulutsa khambi longa la nthochi yosapsa. Mkaka ndi shuga ndi zimene zimagonetsa khambi limenelo.

Ndiye nsenga zija. Kabakuliko eni ake amakatcha gaiwan, ndipo kalibe sefa ina kupatula chivundikiro chake. Mumachipendeketsa pang'ono, pamatsala kampata, madzi amadutsa, masamba amatsalira m'kati. Zimenezi zimatheka tsamba likakhala lathunthu. Fumbi la m'paketi lingaime bwanji pamenepo? N'chimodzimodzi kutchinga linthumbu ndi mpanda wansungwi.

Ziwiyazi zinabadwira tsamba lathunthu. Kale anthu a ku China tiyi wawo wapamwamba ankamuumba kukhala timibulu tolimba, pofuna kumwa n'kupera kukhala ufa. Mu 1391 mfumu Hongwu, imene inayambitsa ufumu wa Ming, inalamula kuti tiyi wa msonkho wopita kunyumba yachifumu asamaumbidwenso, azibwera ali masamba. Kuchokera pamenepo kuviika masamba m'madzi otentha kunafala, oumba nawo n'kuyamba kupanga timatipoti ndi timabakuli toyenerana ndi kamwedwe katsopanoka. Dothi loyera linawakomera pa chifukwa chimene mayi aliyense woumba angachimve. Mphika wathu wadothi ukaphikamo nyemba miyezi ingapo, ngakhale muutsuke bwanji, umanunkhabe nyemba, chifukwa dothi lake limamwa. Ili silimwa kanthu. Amasakaniza dothi loyera lotchedwa kaolin, dzina lochokera ku mudzi wa Gaoling kumene ankalikumba, ndi mwala wina woperedwa, n'kuotcha mu uvuni pa madigiri pafupifupi 1,300, moto umene nkhuni zounjika poyera ngati mmene timaotchera mbiya sizingaufike. Pa moto umenewo dothi limagwirana n'kukhala ngati galasi. Lero mukhoza kuviikamo tiyi wakuda, mawa wobiriwira, fungo la dzulo osatsalira. Mzinda umene unatchuka kwambiri ndi ntchitoyi ndi Jingdezhen, m'chigawo cha Jiangxi, umene unapatsidwa dzina limeneli mu 1004. Azungu anavutika zaka zambirimbiri kufunafuna chinsinsi chake, mpaka fakitale yawo yoyamba inatsegulidwa ku Meissen, ku Germany, mu 1710.

Koma ndisakutengereni kutali, chifukwa m'bale wake wa kabakuli kanu ali kwanu komweko. Zaka zapitazo ndinalowetsedwapo m'chipinda cholawira tiyi pa fakitale ina ku Thyolo. Pa benchi lalitali panandanda makapu oyera mbee, iliyonse ili ndi chivundikiro, mlomo wake mbali imodzi uli ndi timano ngati ta sowo, kutsogolo kwake kuli kambale koyeranso. Mnyamata anayeza masamba pa kasikelo, anathira madzi owira, onse anadikira mphindi 6 maso ali pa wotchi. Kenako anagoneka kapu iliyonse m'kambale kake, chivundikiro chili chogwira, tiyi n'kumatuluka pa timano paja. Masamba onyowa anawagadabulira pa chivundikiro kuti aoneke. Wolawa anabwera ndi supuni, anapsontha mwaphokoso loti kunyumba mwana angakalipiridwe nalo, anazunguza m'kamwa, n'kulavulira m'chitini. Zonse zinali zadothi loyera pa zifukwa izi: kuti mtundu wa tiyi uoneke mmene ulili, ndiponso kuti kapu isaonjezerepo fungo lake. Kusiyana kwake n'kwakuti wolawa amachedwetsa dala kuti tiyi aulule zolakwa zake zonse, pamene kabakuli kanu kamafulumiza kuti atulutse kukoma kokha. Chimene chinandikhalira pamtima tsiku limenelo n'chakuti pa zenera la chipindacho ndinkaona mzere wa amayi ali ndi madengu kumsana, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anaitanidwa kudzagwira supuni. Inu mwathyola zaka 19. Ngati pali munthu woyenera kudziwa kukoma kwa tsamba la ku Thyolo lisanaphwanyidwe, ndinu.

Tsamba lathunthu simukalifuna ku China. Esiteti ya Satemwa, imene Maclean Kay anaiyamba mu 1923, kuonjezera pa tiyi wa CTC imapanganso wa masamba athunthu, wina wopota ndi manja: woyera, wobiriwira, wa pakatikati amene amati oolong, ndi wina wofukiza ndi utsi wa nkhuni za gwafa. Ena ali ndi maina onga Zomba Pearls ndi Thyolo Moto, ndipo amagulidwa ndi anthu a ku Ulaya amene amamwera m'timabakuli tonga kanu komweko. Ndi wokwera mtengo kuposa wa m'golosale, sindikubisirani. Ngati mwana angakuguleni kapaketi kamodzi, ndi bwino, kuti lilime lanu lidziwe kumene mukulowera.

Koma ine ndikuyang'ana timizere tanu ta kuseri kwa nyumba. Tsiku lothyola, musanapite ku sikelo ya kalabu, patulani lichero limodzi la nsonga zanthete zokhazokha, zothyola mame atauma, pa mizere imene simunapoperepo mankhwala posachedwa. Yalani mopyapyala pa malichero awiri, m'nyumba podutsa mphepo, zigone usiku wonse. Kukamacha tsamba likhale lofewa ngati nsalu yakale, loti mukapinda phesi lake silithyoka. Tengani zodzaza manja, muzipota pakati pa zikhato kapena pa lichero pomwepo, monga mmene mumachapira nsalu yanthete, kwa mphindi 20 kapena 30, mpaka manja ayambe kumata ndipo masamba apotane ngati tizingwe. Musasinje mumtondo, mukatero mwabwerera ku fumbi lomwe lija. Unjikani m'mbale yoyera, phimbani ndi kansalu konyowa, mudikire maola 2 kapena 3. Muona kubiriwira kukutha, kukubwera kufiirira konga kwa waya wa kopa, fungo la udzu nalo likusanduka longa la zipatso zakupsa. Pamenepo umitsani m'chiwaya pa makala ophimbidwa ndi phulusa, mukutembenuza ndi dzanja, mpaka tsamba lizithyoka mukalifinya. Moto ukakula mupsereza, bola kuchedwa. Ameneyo ndi tiyi wakuda. Mukafuna wobiriwira, mumayamba ndi kukazinga masamba m'chiwaya chotentha kwa mphindi zochepa asanasinthe mtundu, kenako kupota ndi kuumitsa, osadikira pansi pa kansalu paja.

Makilo 4 kapena 5 a masamba aawisi ndi amene amatulutsa kilo imodzi ya ouma, ndiye musadandaule lichero lonse likasanduka kamulu kokwana m'manja. Sungani m'botolo kapena m'chitini chotseka bwino, kutali ndi usipa, sopo ndi palafini, pakuti tiyi amakoka fungo la chilichonse chimene wayandikana nacho. Ine ulendo wanga woyamba ndinaumitsira m'chiwaya chimene dzulo lake ndinakazingiramo mtedza, ndipo mwezi wonse ndinamwa tiyi wa nsinjiro. Chiwayacho chikhale chake chake.

Tsopano zala. Munapsa chifukwa munadzaza madzi mpaka m'milomo, ndipo ndikukhulupirira munagwira kabakuli pamimba. Kayang'anitsitseni, muona kuti mlomo wake ndi wotambasukira kunja ngati duwa la mbatata. Mlomowo ndiwo chogwirira, madzi akapanda kuufika sutentha kwambiri. Thirani madzi alekezere pamene chivundikiro chimakhazikika. Chala chachikulu chigwire mlomo mbali ino, chapakati mbali inayo, chamkombaphala chitsamire pa kamutu ka chivundikiro. Kankhirani chivundikirocho kumbuyo pang'ono kuti kutsogolo kutsale mpata wongokwana njere ya mpunga, ndipo pendeketsani dzanja molimba mtima, kamodzi n'kamodzi. Wamantha ndi amene amapsa, chifukwa akamathira mozengereza madzi amatsetsereka m'mbali n'kukapeza zala. Chikhato chisafungatire chivundikiro, nthunzi imatulukira kumbuyoko. Yesererani ndi madzi ozizira masiku awiri, mutakhala pamphasa, beseni lili pansi pake. Manja amene anazolowera kuthyola nsonga popanda kuyang'ana sangalephere zimenezi.

Madzi akhale osanunkha kolorini, owiritsa mu ketulo imene sinaphikepo china. Madzi olowa utsi kapena fungo la ndiwo amaononga tiyi wabwino kuposa china chilichonse. Popeza kwanuko n'kokwera, madzi amawira asanafike madigiri 100, amalekezera cha m'ma 97, ndipo kwa tiyi wakuda pamenepo m'pokwanira, muthire akangotsika pambaula. Wobiriwira ndi woyera safuna ukali wotere. Tsitsani ketulo, vundukulani, dikirani mphindi 4 kapena 5.

Yambani ndi kutsukuluza ziwiya zonse ndi madzi ofunda kenako otentha, makamaka m'mawa wa chiperoni pamene zagona zili zii, kuti zisadzidzimuke n'kuchita mng'alu. Ikani masamba m'kabakuli kofundako, vundikirani, gwedezani pang'ono, vundukulani, nunkhizani. Apa ndi pamene mudzadziwe ngati ntchito ya pa lichero ija inayenda. Timabakuli totere timalowa madzi pafupifupi mamililita 100 mpaka 150, ngati theka la kapu yathu ya masiku onse, ndipo magalamu 3 kapena 4 a masamba akwana, ongophimba pansi bwinobwino. Mwina mwana wanu anathira ochulukirapo pamene ankakuonetsani. Musamutsatire. Tiyi wambiri wolimidwa kuno ndi wa mtundu wa ku Assam, ku India, wa masamba akuluakulu ndi waukali kuposa wa masamba ang'onoang'ono a ku China, ndiye amafuna dzanja lopepuka. Thirani madzi, vundikirani, werengani mpaka 20, khuthulirani zonse m'kajagi osasiya ndi dontho lomwe. Ndati kuwerenga mpaka 20, osati mphindi 20. Madzi otsalira m'kati ndi amene amawawitsa ulendo wotsatira.

Kajagi kaja musakaone ngati chokongoletsa. Tiyi woyamba kutuluka m'kabakuli amakhala wopepuka, womaliza amakhala wamphamvu, ndiye mukathira molunjika m'tikapu wina alandira madzi, wina alandira mankhwala. M'kajagi zonse zimasakanikirana, aliyense n'kulandira zofanana. Eni ake amakatcha dzina lotanthauza kuti kapu ya chilungamo.

Masamba aja musataye. Thiraninso madzi, muwerenge mpaka 25 kapena 30, ulendo wachitatu muonjezerenso pang'ono, choncho mpaka kasanu kapena kasanu n'kamodzi. Ulendo uliwonse tsamba limatambasuka, kukoma kwake n'kumasintha. Kawirikawiri wachiwiri ndi wachitatu ndi amene amakoma kwambiri. Pomaliza tulutsani tsamba limodzi muliyale pa kambale kapansi, mudzaona masamba awiri ndi nsonga ali momwe munawathyolera. Tikapu n'tating'ono chifukwa timadzazidwa kambirimbiri, ndipo tiyi wake amafunika kumwedwa asanazizire. Mukawerengera maulendo onse, anthu awiri amwa tiyi woposa theka la lita kuchokera ku masamba otapa ndi zala zitatu. Masiku oyamba lilime lidzafunafuna shuga, musalinyengerere. Pakatha sabata muyamba kumva kutsekemera kwina kumene kumabwera kukhosi mutameza kale.

Za mlamu wanu ndisachedwepo. Chidindo cha pansicho nthawi zambiri chimakhala dzina la malo amene anaumbira, kapena la fakitale. Ngakhale chitakhala dzina la mfumu yakale, oumba a ku China akhala akulemba maina a mafumu akale pa ziwiya zatsopano kwa zaka mazana, ndipo mpaka lero zoterezi zimagulitsidwa m'misika. Mwana wa sukulu sangakwanitse kugula chiwiya chenicheni cha m'nyumba yachifumu, komanso malamulo a dzikolo salola kutulutsa zinthu zakale popanda chilolezo cha boma. Mukapita nazo ku Blantyre mukabwerako ndi ndalama yosakwana thiransipoti ndi thumba la feteleza, mwana n'kudzamva kuti mphatso yake inagulitsidwa. Jambulani chidindocho pafoni mumutumizire, akuwerengerani.

Ngati mukufuna kudziwa kuti ndi dothi loyera lenileni, kwezani kakapu kuloza kudzuwa, muona chithunzithunzi cha zala zanu kuseri. Kagogodeni pang'ono ndi chikhadabo, kalira kuti ngee ngati belu, kakakhala ndi mng'alu kamalira mogontha. Kenako yendetsani chala pa maluwa abuluu aja. Ngati pali see, osamva potukuka, ndiye kuti utoto uli pansi pa galasi lake ndipo sukhudzana ndi tiyi, mwerani mosaopa. Zimene ndimachenjeza anthu ndi makapu otsika mtengo a utoto wofiira, wachikasu kapena wagolide wopaka pamwamba, umene umamveka ku chala ndipo umasupuka potsuka, makamaka ukakhala m'kati kapena pa mlomo. Utoto wina woterewu umakhala ndi mtovu, umene ndi poizoni, makamaka kwa ana. Amenewo ndi amene ayenera kukhala m'kabati yagalasi.

Bambo a kunyumba ndikuwamvetsa. Tonse tinakulira m'nyumba zimene mbale zadothi zinkatuluka pa Khirisimasi pokha kapena kukabwera abusa, ife n'kumadyera m'zapulasitiki moyo wonse. Akuopa kuti zingasweke, ndipo sakunama, tsiku lina chivundikiro chidzagwa. Koma muwauze nkhani iyi. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kumene kunali likulu la Kalonga, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anapeza mikanda yagalasi, zidutswa za minyanga ya njovu ndi mapale a ziwiya zadothi loyera za ku China, zimene zinafika kumeneko kudzera m'malonda zaka mazana angapo zapitazo. Ndiye kuti m'dziko muno ziwiya zimenezi si zachilendo monga mmene amayi a Mvano akuganizira, ndipo ngakhale za kwa Kalonga zinasweka. Zanu zikadzasweka zidzasweke zitagwira ntchito. Gwirizanani chonchi: tikapu 3 tikhale m'kabati kuti bambo mtima ukhale pansi, ndipo tidzalowa m'malo tina tikadzaphwanyika. Tina 3, kabakuli ndi kajagi zikhale pa thireyi pamalo amene adzukulu safikira. Potsuka musagwiritse ntchito mchenga, phulusa kapena waya wokwechera mapoto. Madzi otentha ndi kansalu zakwana, ndipo m'kati mukayamba kuda pakani soda pang'ono ndi chala. Muzitsuka nokha, chimodzichimodzi, osati kuunjika m'beseni limodzi ndi mapoto.

Pa nkhani ya amayi a Mvano, pepani mayi anzanga, apa ndiye munaphonya ndinu. Anthu akwera zitunda za ku Makwasa wapansi kudzakuzondani, mwina ena anachoka kunyumba osalawa kanthu. Kwathu kuno tiyi wa mlendo ndi chakudya. Amafuna kapu yaikulu yogwira ndi manja awiri, mkaka, shuga wothira yekha, pambali pali mbatata, chinangwa kapena zitumbuwa. Pa ntchito imeneyo tiyi wa m'paketi ndiye mwini wake, kabakuli sikangamupose. Musalole kuti wina aliyense, ngakhale mwana wanu wophunzirayo, akuuzeni kuti kamwedwe kathu n'kotsalira. Ndi kamwedwe ka anthu ogwira ntchito yolemetsa, ofuna mphamvu m'thupi. Ka tikapu tating'ono ndi ka anthu awiri kapena atatu amene adya kale ndipo sakuthamangira kwina. Ngakhale ku Chaozhou, ku China, kumene mwambo wa tikapuwu unazika mizu, munthu sapatsidwa kakapu m'malo mwa chakudya.

Mbiri ya kuumira imaphedwa ndi ketulo yaikulu. Akadzabweranso muwaphikire tiyi wamkaka wokwanira, shuga muike pathebulo ndi supuni yake, ndipo nthabwala ya Mgonero muiyambe ndinu asanaiyambe iwo. Munthu amene akudziseka yekha savuta kumusiya. Kenako, manja akazolowera, muitane mayi wanthabwala uja payekha tsiku lina masana. Ngati nayenso anathyolapo tiyi, musamuuze kanthu, mungomupatsa kakapu, pomaliza mumuonetse tsamba lotambasuka lija pa kambale. Anthu a pakamwa pakuthwa ndi omwenso amafalitsa mbiri yabwino msanga.

Tsopano ka “eya” kaja. Mwana wanu anali ndi malo ochepa m'chikwama, ndipo akanatha kukugulirani foni kapena nsalu. Anasankha chinthu chosweka, anachikulunga, anayenda nacho ulendo wonse wa pandege ali ndi nkhawa. Ndikuganiza kuti ali kumeneko anaona anthu akulemekeza tsamba limene mayi ake anathyola mpaka msana kupindika, tsamba lomwe linamulipirira fizi, ndipo anafuna kuti nanunso mulaweko ulemu umenewo. Akamafunsa ngati mukumwera, sakufunsa za makapu okha. Bodza lanu ndi laling'ono ndipo ndi lachikondi, koma likumutsekera kunja, ndipo tsiku limene adzabwere n'kupeza fumbi pa chivundikiro adzadziwa yekha. Muimbireni ndinu, musadikire kuti aimbe. Mufotokozereni zonse, za zala, za nsalu ya pathebulo, za Mgonero. Adzaseka, ndipo adzadandaula kuti anachoka osakuphunzitsani bwino. Mumuuze akuonetseninso kagwiridwe kake pa vidiyo ya WhatsApp, inu muli ndi madzi ozizira ndi beseni.

Mukapota tiyi wanu woyamba amene wakukhutiritsani, gawani pawiri. Theka mumutumizire ku Lilongwe m'kabotolo kotseka bwino, theka linalo mumwe ndi bambo Lamulungu masana mukachoka ku tchalitchi. Ndipo mundilemberenso, mundiuze kuti masamba a kuseri kwa nyumba yanu anapirira kuthiridwa madzi kangati.